Mukufuna kuyambitsa ntchito yothandiza mabanja ovutika ndi achinyamata? Nayi ndondomeko yake

Pafupifupi aliyense wondifunsa za nkhaniyi amayamba mofanana: "Tasonkhana anthu angapo, kandalama tili nako pang'ono, mtima wothandiza ulipo, ndiye tiyambire pati?" Ena ndi a mumpingo, ena anaphunzira limodzi kale ndipo akufuna kukumbukira kwawo, ena ndi achinyamata otopa ndi kuona anzawo akungokhala. Funsoli ndaliyankha kambirimbiri, ndiye ndaona kuti ndingolemba kamodzi kuti aliyense adziwerengere.

Ndinene pachiyambi pomwe kuti kupeza ndalama si kumene kumavuta kwambiri. Ntchito zambiri zotere zimafa ndalama zikadalipo, ndipo chimazipha ndi mndandanda wa maina: walandira ndani, wasiyidwa ndani, anasankha ndani. N'chifukwa chake gawo lachitatu ndalitalikitsa kuposa ena onse. Ngati nthawi yakucheperani, werengani lomwelo.

1. Sankhani vuto limodzi ndi dera limodzi

"Kuthetsa umphawi" ndi chikhumbo chabwino, koma simungachigwirire ntchito Lolemba m'mawa. Lembani chiganizo chimodzi chotchula anthu ake, malo ake ndi nthawi yake. Mwachitsanzo: "mabanja 30 ovutikitsitsa a m'midzi iwiri iyi, kwa zaka ziwiri", kapena "atsikana amene anasiya sukulu m'dera lino".

Musanalembe chiganizocho, yendani mukamve kwa eni ake. Amayi muwafunse paokha, achinyamata paokha, chifukwa pamsonkhano wa aliyense amalankhula ndi omwe anazolowera kulankhula. Musafunse kuti "mukufuna chiyani?" Munthu amangotchula chimene akuganiza kuti mwabwera nacho. Funsani kuti: "Ndi miyezi iti imene chakudya chimakutherani, ndipo chikatha mumatani?" "Mwana amene anasiya sukulu pakhomo pano anasiyiranji?" "Munthu atadwala chaka chatha munagulitsa chiyani?" Mayankho a mafunso oterewa ndi amene amaonetsa pamene banja limagwera.

Fufuzaninso kuti ndani akugwira kale ntchito m'deralo. Kuchokera pamene Mexico inayamba pulogalamu ya Progresa mu 1997 ndi Brazil ya Bolsa Família mu 2003, maboma ambiri a maiko osauka amapereka ndalama kwa mabanja ovutika. Mupeza mabanja oyenera kulandira thandizo la boma koma sanalembedwe chifukwa alibe chiphaso, kapena tsiku la kalembera sanamve. Kuwaperekeza ku ofesi n'kuwathandiza kudzaza mafomu sikulira ndalama zambiri, ndipo phindu lake limatha kuposa chilichonse chimene inu mukanawapatsa kuchokera m'thumba mwanu.

2. Komiti, malamulo ndi akaunti

Apa sindichedwapo. Sankhani wapampando, mlembi, msungichuma ndi mamembala ena ochepa, ndipo pakhale amayi ndi achinyamata omwe mawu awo amamveka, osati ongodzazira mipando. Wosunga ndalama asakhale yemweyo wolemba za ndalamazo. Ku banki osainira akhale atatu, ndalama izituluka awiri akasaina, ndipo awiriwo asakhale apachibale. Lembetsani gulu lanu monga malamulo a dziko lanu akunenera, ndipo mukadzionetse kwa atsogoleri a deralo ndi ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu.

Lamulo limodzi mulilembe tsiku loyamba, ndalama zisanafike: wa mu komiti, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake sangakhale opindula. "Opindula" ndi mawu amene ogwira ntchitozi amatchulira anthu olandira thandizo. Lamuloli likalembedwa ndalama zitabwera kale, wina amaona ngati mwalembera iyeyo.

3. Kusankha opindula

Malangizo ambiri amangoti "sankhani mabanja osaukitsitsa mogwirizana ndi anthu a m'dera" n'kupitirira. Chiganizo chimenecho chili ndi ntchito ya milungu ingapo m'kati mwake.

Vuto lake ndi ili. Kumene pafupifupi aliyense ndi wosauka, kusiyana kwa banja la nambala 30 lomwe mwalitenga ndi la nambala 31 lomwe mwalisiya kumakhala kochepa kwambiri, ndipo mabanja awiriwo amaonana tsiku ndi tsiku. Banki yaikulu padziko lonse ya World Bank imati wosaukitsitsa ndi amene amakhalira ndalama zosafika madola 3 patsiku (malirewa inawakweza mu 2025 kuchoka pa madola 2.15), koma muyeso umenewu ndi wowerengera maiko. Pakhomo la munthu wodalira munda ndi maganyu simupeza pepala la malipiro loti muwerengerepo.

Mutha kulakwitsa m'njira ziwiri: kulemba wosayenera, kapena kusiya woyenera. Kulakwa koyamba kumamveka msanga chifukwa anthu amadandaula. Kwachiwiri kumakhala chete. Ovutikitsitsa enieni sabwera kumisonkhano. Wina akudwazika matenda, wina wapita ku ganyu chifukwa akajomba ana agona ndi njala, wina alibe chovala choti aonekere nacho pagulu, wina anazolowera kuti zoterezi si za iye. Mukangoitanitsa msonkhano n'kulemba amene abwera, mwalemba amene anali ndi mpata wobwera. Tsatani izi motsatana kwake.

Choyamba, chitani kalembera wa mabanja onse a m'deralo, khomo ndi khomo, musananene chimene mudzapereke. Gwirizanani kuti "banja" ndi anthu odya mumphika umodzi. Mukachedwa kunena zimenezi, mudzadabwa kuona khomo limodzi lasanduka mabanja atatu. Jambulani mapu a deralo pansi kapena papepala lalikulu pamodzi ndi eni dera, kenako funsani kuti: "Ndani amene sitinamuike? Kuseri kwa phiriko kuli ndani? Amene amagona m'khitchini mwa eni ake ndani?" Banja lililonse lilembedwe pa khadi lakelake.

Chachiwiri, gwirizanani zizindikiro za umphawi dzina la munthu lisanatchulidwe ndi limodzi lomwe. Anthu anene okha kuti wovutikitsitsa kwawoko amadziwika bwanji. Kawirikawiri amatchula zinthu monga kudya kamodzi patsiku, kusowa munthu wamphamvu wogwira ntchito pakhomo, kusiya munda wako n'kumakalima wa ena, ana a msinkhu wa sukulu kukhala pakhomo, kusowa chiweto ngakhale chimodzi, banja lotsogoleredwa ndi mwana kapena agogo. Sankhani zizindikiro zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, muzilembe poonekera. Maina akayamba kutchulidwa zizindikiro zisanakhazikike, aliyense amakonza zizindikiro zoti zigwere m'bale wake.

Chachitatu, sanjani makhadi aja. Pangani timagulu titatu tosiyana, mwina ka amayi, ka abambo ndi ka achinyamata, ndipo kalikonse kasanje makhadi paokha m'milu inayi, kuyambira opezako bwino mpaka ovutikitsitsa. Banja limene timagulu tonse taliika pamulu wapansi, palibe chokayikitsa. Limene kagulu kena kaliika pamwamba pomwe kena kaliika pansi, pali nkhani yoti mufufuze.

Njira yosankha kudzera mwa eni dera inayesedwa m'midzi 640 ya ku Indonesia, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2012. Ofufuzawo anaiyerekeza ndi njira yodzaza mafomu a katundu wa pakhomo n'kuwerengera pa kompyuta. Anapeza kuti mafomu ankaposako pang'ono polozera mabanja ogwiritsa ntchito ndalama zochepa, koma kumene anthu anasankha okha madandaulo anali ochepa ndipo anthu anakhutira ndi mndandanda. Eni dera ankayang'ananso zimene fomu siona, monga ngati munthu angathe kudzipezera yekha mawa. Anapezanso kanthu kena kamene ndimafuna aliyense akadziwe: mabanja okambidwa kumayambiriro kwa msonkhano ankaikidwa pamalo oyenera kuposa okambidwa kumapeto. Anthu akatopa amangovomera kuti zithe. Choncho musasanje makhadi 200 pa msonkhano umodzi. Agaweni, pumulani, ndipo kagulu kalikonse kayambire pa makhadi osiyana.

Chachinayi, yenderani banja lililonse la pamulu wapansi ndi onse okayikitsa aja. Pitani awiri, mmodzi akhale wochokera kunja kwa mudziwo. Khalani pansi, musaime pakhomo ndi fomu m'manja ngati mwabwera kudzalanda katundu. Funsani kuti dzulo anadya kangati ndipo anadya chiyani. Onani pogona: zofunda zilipo zingati, ana akugona pati. Onani ngati pamoto paphikidwa lero. Nyumba yokha isakupusitseni. Pali nyumba ya malata imene anamanga bambo amene anamwalira zaka zapitazo, m'kati mwake muli mayi ndi ana asanu opanda chodya. Palinso nyumba yooneka yakugwa imene mwini wake ziweto anakasungitsa kwa m'bale wake atamva kuti kukubwera alendo. Ana ndi oyandikana nawo amadziwa zonsezi, koma musawafunse mowapanikiza kuti aneneze anzawo.

Chachisanu, lengezani mndandanda poyera ndipo mudikire milungu iwiri musanapereke kanthu. Werengani maina okha, zifukwa ayi. Matenda a munthu kapena mavuto a m'banja mwake si nkhani ya pabwalo. Madandaulo azikaperekedwa kwa anthu amene sanasankhe nawo, ndipo pakhale njira yodandaulira mwachinsinsi, chifukwa wosauka sangaime pagulu kutsutsa munthu amene amamupatsa ganyu. Dandaulo lililonse liyankhidwe. Walira mvula walira matope: madandaulo adzabwera ngakhale mutachita zonse bwino, ndipo kusamva dandaulo ndi limodzi lomwe kukuchenjezeni kuti mwina anthu akuopa.

Oyenera akachulukabe kuposa malo amene muli nawo, chitani maere pamaso pa onse pakati pa amene ayenera mofanana, ndipo otsala alembedwe pamndandanda wodikira motsatana. Anthu amavomereza maere amene aona ndi maso awo kusiyana ndi chigamulo cha m'chipinda.

Nanga atsogoleri a dera? Musawalambalale, ntchito yanu singayende popanda iwo. Atsegule msonkhano, achitire umboni, athandize kuthetsa mikangano, koma cholembera asagwire. Tsiku lina mmodzi adzakutengerani pambali n'kukupatsani dzina. Musakangane naye ndipo musalonjeze. Yankhani mwaulemu kuti: "Zikomo bambo, dzinali talilandira. Tikaliika pamodzi ndi ena onse, likayesedwe pa zizindikiro zija tinagwirizana inu muli pomwepo." Mukalola dzina limodzi kulowera kukhomo lakumbuyo, mawa abweretsa asanu, ndipo amene anasanja makhadi aja sadzabweranso.

4. Thandizo lifanane ndi munthu wake

Mndandanda ukatha mudzaona kuti muli anthu a mitundu itatu. Alipo amene sangathe kugwira ntchito: okalamba, odwala kwambiri, ana olera anzawo. Awa amafunika thandizo lokhazikika ndi kuwalumikiza ku boma. Alipo osauka omwe ali kale ndi kabizinesi kapena munda wopatsa. Awa banki mkhonde imawakwanira. Pakati pali ovutikitsitsa omwe mphamvu ali nazo koma alibe poyambira.

Cholakwika chofala ndi kupereka ngongole kwa onse. Munthu amene sanadye dzulo ukamukongoza mpamba amagula chakudya, ndipo sanalakwe. Mwezi ukatha amakhala ndi njala yomwe ija, kuonjezapo ngongole, mwinanso wapita kwa wakatapira kuti abweze yanuyo.

Bungwe la BRAC la ku Bangladesh, lomwe anayambitsa Fazle Hasan Abed mu 1972, linaona kuti ngongole zake zing'onozing'ono sizinkafikira ovutikitsitsa. Mu 2002 linayamba njira ina. Banja limapatsidwa chinthu chobala phindu monga ziweto kapena katundu woyambira malonda, kwaulere. Limalandiranso kandalama kapena chakudya kwa miyezi yoyamba kuti lisagulitse chiwetocho chifukwa cha njala, limaphunzitsidwa kasamalidwe kake, limayamba kusunga ndalama, ndipo mlangizi amaliyendera pafupipafupi kwa zaka pafupifupi ziwiri. Njirayi inayesedwa pa mabanja oposa 10,000 ku Ethiopia, Ghana, Honduras, India, Pakistan ndi Peru, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2015 ndi gulu la ofufuza lomwe munali Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2019. Patatha chaka thandizo litasiya, mabanjawo anali akudyabe bwino, ali ndi katundu ndi ndalama zosunga zambiri kuposa anzawo omwe sanalowe nawo. M'maiko asanu phindu linaposa ndalama zomwe zinalowa.

Dziko lotsalalo ndi Honduras, ndipo phunziro lake musaliphonye. Mabanja ambiri kumeneko anatenga nkhuku, matenda anabwera, nkhuku zambiri zinafa. Musapereke chinthu chimodzimodzi kwa onse, ndipo musagule chiweto musanadziwe kumene katemera ndi mlangizi wa ziweto adzachokere. Ngati ndalama zanu sizikwanira zonsezi pa mabanja 30, tengani 12 muwachitire zonse. Mbuzi yopanda chakudya cha mwini wake ndi mlangizi woiyendera imathera pamsika.

Wina mu komiti adzanena kuti osauka ukawapatsa ndalama m'manja amakamwera. Mu 2014 David Evans ndi Anna Popova anaunika kafukufuku 19 wa ku Africa, Asia ndi Latin America, ndipo sanapeze kuti ndalama zothandizira mabanja zimachulukitsa kugula mowa ndi fodya. M'malo ambiri kugulako kunatsika.

5. Achinyamata

Pafupifupi gulu lililonse limathamangira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo limasankha ntchito imene lapezera mphunzitsi. Mapeto ake ndi atelala 25 pamsika umene atelala atatu akusowa kale makasitomala. Musanasankhe luso, tumani achinyamata omwewo akazungulire misika yoyandikira: awerenge amene akuchita kale ntchito iliyonse, afunse zimene anthu amakagula kapena kukakonzetsa kutali. Kuika wachinyamata kwa mmisiri amene akugwira kale ntchito kumamuphunzitsa zimene m'kalasi mulibe, monga kutchula mtengo ndi kulankhula ndi kasitomala wokwiya. Ndipo ndalama za zipangizo muziike pambali maphunziro asanayambe. Setifiketi yopanda zipangizo imangokhala m'chikwama.

Musalonjeze zazikulu. Mu 2008 boma la Uganda linapereka ndalama kwa magulu a achinyamata a kumpoto kwa dzikolo, pafupifupi madola 380 munthu mmodzi, zophunzirira luso ndi kugula zipangizo. Patatha zaka 4 amene analandira ankapeza ndalama zochuluka ndi 38 peresenti kuposa anzawo. Patatha zaka 9 anzawo aja anali atawapeza. Thandizo loterolo limafulumizitsa munthu ndi zaka zingapo, ndipo zaka zimenezo n'zamtengo wapatali pa moyo wa wachinyamata, koma si kuti lasintha zonse mpaka kalekale.

Atsikana musawaphatikize m'gulu la anyamata n'kuganiza kuti mwawafikira. Ku Uganda komweko BRAC inatsegula makalabu a atsikana a zaka 14 mpaka 20, otsogoleredwa ndi mtsikana wokulirapo wa m'dera lomwelo, kumene ankaphunzira za thupi lawo, za ufulu wawo ndi luso lopezera ndalama. Patatha zaka 4, kutenga mimba adakali aang'ono kunatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo odzipezera ndalama okha anachuluka. Chinkafunika kwambiri ndi malo otetezeka okumanirana ndi mtsogoleri womukhulupirira, zinthu zimene gulu laling'ono lingakwanitse.

Apa ndiikepo malamulo amene sindinyengerera: wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda, wothandiza asachite chibwenzi ndi wopindula, ndipo chithunzi cha mwana wa eni ake chisaikidwe pa Facebook kuti chikope opereka ndalama makolo ndi mwanayo asanavomere. Musathamangirenso kumanga nyumba yosungira ana. Malangizo a United Nations a mu 2009 amanena kuti umphawi pawokha si chifukwa chochotsera mwana m'banja lake. Thandizani banjalo kuti limulere.

6. Banki mkhonde

Banki mkhonde ndi gulu la anthu odziwana omwe amasunga ndalama pamodzi n'kumakongozana. Njira yofala masiku ano inayambika ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, m'magulu a amayi otchedwa Mata Masu Dubara. Gulu limakhala la anthu 15 mpaka 25 osankhana okha. Pamsonkhano uliwonse munthu amagula masheya kuyambira imodzi mpaka zisanu, pamtengo umene gulu lagwirizana. "Sheya" ndi muyeso wa ndalama yosunga, ndipo imadindidwa m'kabuku ka mwini wake. Ngongole isapose katatu ndalama zimene munthu wasunga, ibwezedwe m'miyezi yochepa ndi chiwongoladzanja chimene gulu lakhazikitsa. Pamakhalanso kathumba kapadera ka zadzidzidzi monga matenda ndi maliro. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo limatsegulidwa onse akuona. Pakatha miyezi 9 mpaka 12 amagawana zonse malinga ndi masheya a aliyense.

Cholakwika chachikulu cha othandiza ndi kuthira ndalama zawo m'bokosimo kuti "gulu likule msanga". Musatero. Anthu amabweza ngongole chifukwa ndalamazo ndi za mnzawo amene akhala naye pamphasa imodzi sabata yamawa. Zikakhala za bungwe, kubweza kumazilala. Inu perekani bokosi, mabuku ndi maphunziro. Ovutikitsitsa aja alowe akayamba kupeza kanthu, ndipo miyezi yoyamba azingosunga, asakakamizidwe kukongola.

7. Lembani, ndipo nenani tsiku lomaliza pa tsiku loyamba

Banja lililonse likhale ndi tsamba lake. Zizindikiro zomwe munasankhira zija ndi zomwenso muziyezera miyezi itatu iliyonse: akudya kangati, ana angati ali pasukulu, ziweto zilipo zingati, asunga zingati. Ndalama zolowa ndi zotuluka muziwerenge pamaso pa anthu a m'dera, osati kwa opereka ndalama okha.

Opindula adziwe kuyambira pachiyambi kuti thandizo lidzatha liti, ndipo muziwakumbutsa. Miyezi yomaliza muzichepetsa pang'onopang'ono, ndipo musasiye m'nyengo imene chakudya chimasowa. Banja lituluke litafika pa zimene munagwirizana, monga kudya kawiri kapena katatu patsiku chaka chonse, kukhala ndi njira ziwiri zopezera ndalama, ana onse kukhala pasukulu, ndi kukhala mu banki mkhonde.

Ena sadzafikapo. Mudzapeza kuti chiweto chinagulitsidwa mwana atagonekedwa m'chipatala, kapena amene ankagwira ntchito pakhomopo wamwalira. Musawachotse mwamanyazi kapena kuwatchula pagulu ngati olephera. Khalani nawo pansi muone chinachitika n'chiyani. Ngati ndi ngozi yongodutsa, apatseni miyezi ina. Ngati pakhomopo palibenso wogwira ntchito, asamutsireni m'gulu la ofunika thandizo lokhazikika ndipo muwaperekeze ku ofesi ya boma. Malo otsala apite kwa woyamba pamndandanda wodikira uja, mutamuyenderanso kaye, chifukwa pa zaka ziwiri zinthu zimasintha pakhomo. Ndipo musanatenge gulu lachiwiri, kalembera ayambirenso khomo ndi khomo.